Maminitsi a Msonkhano wa Mawa

Ku ofesi ya khonsolo maminitsi ankalembedwa msonkhano usanachitike. Musaseke, umu ndi momwe ntchito inkayendera, ndipo inayenda choncho zaka khumi ndi zinayi popanda wodandaula. Lachitatu masana a Tcheya ankalowa m'kachipinda ka Mayi Mlembi, n'kukhala pakona pa tebulo mwendo umodzi uli lendelende, n'kuyamba kutchula zomwe makhansala adzagwirizane mawa lake: wakuti adzapereka ganizo, wakuti adzaliikira kumbuyo, nyumba yonse idzavomereza. Mayi Mlembi ankangotaipa. Lachinayi makhansala ankabwera m'masuti onunkha m'bokosi, n'kukangana maola atatu, tsiku lina mpaka kugendana ndi mabotolo a madzi, koma pomaliza nkhani inkathera pomwe pepala linanena kale. Kenako mesenjala ankatenga pepalalo n'kukalikhoma pabolodi panja pa geti, kuti anthu adziwe zomwe atsogoleri awo awaganizira.

Matcheya anayi anabwera n'kupita, a zipani zosiyana, aliyense polowa akulumbira kuti asesa zonyansa zonse. Aliyense anaupeza mchitidwewu, anaununkhiza, n'kuukonda. Mayi Mlembi sankadzivutitsa nazo. Anali mayi wa mawu ochepa, wa magalasi omangidwa chingwe, ndipo zinamutsalira zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito mwaulemu. Ntchito imeneyi ndiyo inali chuma chake chonse, ndipo ankaigwira ngati dzira.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankafunika kumulembera mawu. Ameneyu anali khansala wa kutsidya kwa mtsinje, yemwe tauni yonse inkamutcha a Ndakana, chifukwa pamfundo iliyonse yonunkha ankaimirira, kumenya tebulo ndi chikhatho n'kunena mawu amodzi omwewo. Anali mlongo wake wa Mayi Mlembi, wamkulu, wa bere limodzi. Ali ana, mlatho usanamangidwe, ndiye ankamubereka kumsana powoloka mtsinje kupita kusukulu. Mzere woti "khansala wa kutsidya anakana" Mayi Mlembi ankaulemba yekha osadikira kuuzidwa, ndipo ankaulemba monyadira. Mwa zonse zomwe ankataipa Lachitatu, mzere umenewu wokha ndiwo unkamupatsa tulo.

Tsono Lachitatu limeneli a Tcheya analowa akutokosa m'mano, nakhala pakona pawo paja.

"Mfundo yachinayi," anatero. "Chipatala cha amayi oyembekezera. Lembani kuti khonsolo yagwirizana kuti chisamangidwenso kutsidya, chimangidwe kuseri kwa depoti ya basi."

Kuseri kwa depoti kunali m'dera la a Tcheya, ndipo ndi mwana yemwe ankadziwa zimenezo. Anthu a kutsidya anali atadikira chipatalacho zaka zisanu ndi chimodzi. Anali atalambula kale malo, njerwa ataumba okha, chifukwa mvula ikagwa mtsinje unkakwera pamwamba pa mlatho ndipo amayi ankachirira m'mbali mwa msewu. Mayi Mlembi nayenso ankakhala kutsidya komweko. Komabe anataipa, poti zoipa zoposa apa anali atataipapo.

"Wopereka ganizo, khansala wa kumsika. Woikira kumbuyo, khansala wa kutsidya."

Zala zinaima zokha.

"Bwana, mwati ndani?"

"Makutu ayamba kupuma pantchito inu musanapume? Ndati mlongo wanu."

"Achimwene sangavomere zimenezo, bwana."

"Mayi, tinakulembani ulembi kapena uneneri? Lembani kuti khansala wa kutsidya anati, poganizira ubwino wa boma lonse, iye ndi anthu ake alibe chotsutsa."

Mayi Mlembi analemba, koma mumtima mukuwira. Anaona kuti a Tcheya akungofuna kumupsetsa mtima, monga amachitira anthu oti mpando wawakulira. A Tcheya atatuluka, iye anasindikiza masamba atatu aja akutukwana chamumtima. Patebulo pake panali timadengu tiwiri ta waya: kakumanzere ka mapepala odikira, kakumanja ka zokakhoma pabolodi. Zaka khumi ndi zinayi dzanja lake linali lisanasokonezepo timadengu timeneti. Koma dzanja la munthu wokwiya lilibe maso. Anaponya maminitsi aja kumanja, natola chikwama chake n'kuweruka nthawi isanakwane.

Sanamuimbire foni mlongo wake. Anafuna kuti mawa adzaonere yekha a Tcheya akugwa nkhope, a Ndakana akadzamenya tebulo, iye n'kudzabwereza kutaipa tsamba lachiwirilo mosangalala.

Mesenjala anali bambo wachikulire wa jekete ya khaki, amene ankanyadira chinthu chimodzi pamoyo wake, choti sanawerengepo pepala la boma. Ankati kuwerenga za akuluakulu kumachotsetsa ntchito. Anapeza mapepala m'kadengu kakumanja, anatenga timisomali take, nakawakhoma pabolodi mowongoka bwino, dzuwa likadali pamwamba. Oyamba kuwerenga anali okwera njinga zonyamula anthu omwe amaima pageti. Wina anajambula tsamba lachiwiri ndi foni. Pomwe anthu ankaweruka, pepalalo linali litawoloka kale mtsinje.

M'mawa wa Lachinayi Mayi Mlembi anadabwa kuona kuti anansi ake sakumuyankha moni. Anadzamvetsa atafika pageti la khonsolo. Panali amayi osachepera zana, ena ana kumsana, ena mimba kutsogolo, ndi abambo angapo ataima kumbuyo manja ali m'thumba. Apolisi awiri anali atatsamira chipilala cha geti, akuoneka kuti akadakonda kukhala kwina. Pabolodi, pamwamba pa mitu ya anthu, Mayi Mlembi anaona masamba ake atatu, ali ndi deti la tsiku lomwelo ndi nthawi ya teni koloko. Inali isanakwane ndi eyiti yomwe.

Amene anamutsekera njira anali mzamba wa kutsidya, mayi wamtali wa mawu okhuthala, amene theka la ana a kumeneko anabadwira m'manja mwake.

"Ndi awa olembawo," anatero mzamba, osakweza mawu. "Tatiuzani, amayi. Msonkhano wa teni koloko lero unatha dzulo? Kapena kuno mawotchi anu amayenda chammbuyo?"

"Ndi zolakwika, amayi. Pepalalo silimayenera kukhala apo."

"Sitikufunsa pomwe limayenera kukhala. Tikufunsa zomwe zalembedwamo. Mlongo wanu watigulitsa kapena sanatigulitse?"

"Achimwene sanagulitse munthu."

"Ndiye mwalemba bodza."

Mayi Mlembi anayesa kumulambalala. Wina kumbuyo anati banja lonselo ndi la njoka, wina anamukoka chikwama. Anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kulowa, magalasi ali pambali, nsapato imodzi itapondedwa chidendene. Pakhonde anakumana ndi mesenjala, yemwe anayamba kudziteteza asanafunsidwe.

"Ine ndinapeza kumanja, mayi. Za kumanja ndi za pabolodi. Ine sindiwerenga."

"Ndikudziwa, bambo. Wolakwa ndine."

A Tcheya anamuitanitsa nthawi yomweyo. Anali ataima pawindo, akusuzumira gulu lija pakampata ka katani, kolala ya malaya itanyowa kale thukuta. Anayamba ndi kukalipa, ndipo anakalipa mpaka mawu kusasa: uchitsiru, ukalamba, kaduka, chiwembu. Mkwiyo utaphwa anakhala pampando n'kuyamba kulankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwa a Tcheya kunkaopsa kuposa kukalipa kwawo.

"Madzi akatayika saoleka, mayi. Koma njira ilipo. Msonkhano ukayamba ndikuitanani. Mudzanena kuti mlongo wanu anakutsinani khutu kunyumba za maganizo ake, inu mwa changu chanu n'kulemberatu. Zolemberatuzi n'zanu nokha, ine sindikuzidziwa, khonsolo sikuzidziwa. Ndikupatsani kakalata kochenjeza, basi, ntchito yanu ikhale. Zaka ziwiri si zambiri."

"Ndinene kuti achimwene anandiuza okha kuti agulitsa chipatala?"

"Munene zomwe ndakuuzanizi. Mukatchula dzina langa, makiyi musiye lero lomwe, ndipo kalata yomwe ndidzakulembereni simudzaionetsa munthu."

Mayi Mlembi anatuluka mutu ukulemera. Ntchito ankaifuna, tisanamizane. Ankaopa kukhala pakhomo m'mawa anzake akupita kuntchito, ankaopa kuchoka ndi dzina loti anachita kuthamangitsidwa. Koma kuti asunge mpandowo anayenera kuima pamaso pa anthu a kwawo n'kupachika mlongo wake ndi pakamwa pake.

Anamupeza mlongo wakeyo m'kanjira ka kuseri, pafupi ndi chipinda chosungiramo mipando yothyoka. A Ndakana anali atalowera khomo la kumbuyo, chinthu chomwe sanachitepo, poti iwo ankakonda kulowera kutsogolo akugwirana chanza ndi aliyense. Maso anali ofiira, tayi ili pambali.

"Achimwene, ndakulakwirani. Anachita kundiuza a Tcheya, ine ndimati lero ndidza..."

"Ndamva zonse," anamudula, akuyang'ana mipando yothyoka ija. "Mvera kuno, mlongo. Chita zomwe akuuzazo. Usatchule munthu. Nena kuti ndinakuuza ndine."

"Anthu akugendani."

"Zimenezo n'zanga. Iwe sunga ntchito yako."

Anachoka mwachangu osamuyang'ana kumaso. Mayi Mlembi anatsala ataima, misozi ili lengelenge. Anaona kuti mlongo wake wasankha kusenza manyazi osakhala ake kuti iye asachotsedwe ntchito, ndipo anamukonda nthawi imeneyo kuposa kale lonse. Apa ndi pomwe anatsimikiza mtima. Munthu wotere sangamunamizire, zivute zitani.

Chipinda cha msonkhano chinali ndi tebulo lalitali lopindika ngati chibakera chotsegula, mafani awiri omwe imodzi yokha inkazungulira, ndi mabenchi asanu kumbuyo a anthu wamba. Masiku onse pamabenchipo pankakhala mtolankhani mmodzi wogona tulo. Tsikuli anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Makhansala analowa mmodzimmodzi, aliyense akuyesetsa kuoneka ngati pepala la pabolodi sanalimve n'komwe. Pemphero linali lalifupi kuposa masiku onse.

A Tcheya anati pachitika kachisokonezo kakang'ono ka mu ofesi, ndipo mlembi afotokoza yekha. Mayi Mlembi anaimirira. Anavula magalasi, nawasiya akulendewera pachifuwa, kuti asaone bwino nkhope za anthu.

"Pepala lili pabolodilo ndinataipa ndine, dzulo masana," anayamba, mawu akunjenjemera. "Kuliika m'dengu lolakwika ndinenso. Koma mawu ali mmenemo si anga, ndipo achimwene anga sanandiuze kanthu. Anandiuza ndi a Tcheya, atakhala patebulo panga. Si dzulo lokha. Maminitsi a nyumba ino ndakhala ndikulemba Lachitatu kwa zaka khumi ndi zinayi. Zonse zomwe mumakanganirana muno zimakhala zili kale mudirowa yanga."

Chipinda chinaphulika. Chodabwitsa n'chakuti okwiya kwambiri sanali a pamabenchi, anali makhansala. Onse ankadziwa, kapena ankaganizira, koma kudziwa n'kwina, kuuzidwa pamaso pa okuvotera n'kwina. Khansala wa kumsika anaimirira akuloza chala, akuti mayiyu watumidwa ndi chipani china. Wina anati wapenga, wina anati atulutsidwe. Bambo wina amene zaka zonsezi ankamupempha Mayi Mlembi kuti azimukonzera Chingerezi cha m'makalata ake ndiye ankakuwa kwambiri kuti mfiti yadziulula. Kumabenchi anthu ankaseka mowawidwa mtima, ena akuwomba m'manja monyoza.

A Tcheya anamenya tebulo ndi kanyundo kawo mpaka phokoso linatsika. Nkhope yawo inali itauma gwa.

"Mlembi waimitsidwa ntchito kuyambira lero, chifukwa choulutsa zikalata za khonsolo ndi kunyoza nyumba ino," anatero. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo anazindikira vuto lomwe aliyense anali ataliona kale: m'nyumba yonseyo munalibe wina wodziwa kulemba maminitsi. "Amalize kulemba msonkhano uno, kenako asiye makiyi."

Mayi Mlembi anakhala pansi, natenga cholembera. Ntchito inali itapita, ndipo chinamuwawa ngati dzino lozulidwa popanda jakisoni. Koma mutu anaudzutsa. Anacheukira kumabenchi, ndipo mzamba uja anamugwedezera mutu pang'ono. Anayang'ananso kwa mlongo wake, koma iye anali atawerama, akupinda ndi kupindula ngodya ya pepala.

Mfundo zitatu zoyamba zinadutsa ngati madzi, palibe amene anali ndi chilakolako chokangana za zinyalala za kumsika. A Tcheya anawerenga mfundo yachinayi. Khansala wa kumsika anapereka ganizo loti chipatala chimangidwe kuseri kwa depoti, akuwerenga papepala osadzutsa maso.

"Alipo woikira kumbuyo?" anafunsa a Tcheya.

Chipinda chonse chinatembenukira kwa a Ndakana. Kumabenchi ena anayamba kale kumwetulira, kudikira chikhatho chija patebulo. Mayi Mlembi anaika cholembera papepala, wokonzeka.

A Ndakana anaimirira pang'onopang'ono. Anamanga batani la jekete, anakhosomola, nayang'ana khoma pamwamba pa mutu wa a Tcheya.

"A Tcheya, poganizira ubwino wa boma lonse," anatero ndi mawu otsika, "ine ndi anthu anga tilibe chotsutsa."

Cholembera sichinayende. Panalibe choti alembe, poti mawuwo anawataipa yekha dzulo lake, ndipo mlongo wake sanaphonye ngakhale limodzi. Anamvetsa tsopano chomwe mlongo wakeyo ankatanthauza m'kanjira kaja. Sikunali kudzipereka ayi. Munthuyo ankangomuuza zoona, kuti bodza lomwe a Tcheya anamupempha kunena silinali bodza kwenikweni.

Zomwe zinatsatira anazimva ngati zikuchitikira m'chipinda china. Benchi inagwa, nsapato ya munthu inauluka n'kugunda fani, apolisi anayamba kukankhira anthu kunja. Zitseko zitatsekedwa makhansala anakweza manja, ganizo linadutsa popanda wotsutsa. Pamfundo yachisanu nyumba inasankha khansala wa kutsidya kukhala wachiwiri kwa a Tcheya, udindo wobwera ndi ofesi ya kapeti ndi galimoto ya khonsolo. Apa pokha ndi pomwe Mayi Mlembi analemba kanthu, chifukwa ndi mzere wokhawo womwe munalibe m'masamba ake atatu aja.

Anali akuchotsa kapu yake ndi kathawulo mudirowa pomwe a Ndakana analowa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko.

"Ndinakuuza kuti unene kuti ndine," anatero mokwiya, ngati wolakwiridwa ndi iwo. "Ndinakuuza ndi pakamwa pangapa. Bwanji sumamva?"

"Munandiuza, achimwene."

"Zaka khumi ndakhala ndikukana. Chinasintha n'chiyani? Anthu amandiombera m'manja, n'kupita kwawo, ine n'kubwerera panjinga. Chipatalacho chimapita kudepoti ndi ine kapena popanda ine. Iweyo ukudziwa kuposa aliyense, si ndiwe unkalemba?"

"Ndinkalemba."

"Ndiye usandiyang'ane choncho. Ndilankhula nawo a Tcheya mtima wawo ukatsika, mwina akubwezera. Tiye, galimoto ili kuseri, ndikakusiye. Kutsogoloko sikuli bwino."

Mayi Mlembi anamuyang'ana bwinobwino, magalasi ali m'maso ulendo uno. Anaona bambo wa imvi wotopa, amene ankafunitsitsa kuti wina amuuze kuti palibe chomwe walakwa. Anamuda, ndipo chinamuwawa kwambiri n'chakuti zomwe ananenazo zinali ndi choona chake. Iye amene ankanyadira kukana kwa mlongo wake anali asanakanepo kanthu mpaka lero, ndipo tsiku lomwe anakana, anakanira munthu wogulidwa kale.

"Pitani, a Wachiwiri," anatero. "Galimoto ya boma sanyamulira anthu ochotsedwa ntchito."

Anasiya makiyi m'manja mwa mesenjala, amene anawalandira ndi manja awiri, natulukira khomo la kutsogolo.

Amayi aja anali akadali pageti. Sankakuwanso, anali atangokhala m'mbali mwa ngalande, ena akuyamwitsa. Atamuona anaimirira. Mayi Mlembi ankayembekeza kuti mwina mmodzi amugwira dzanja, poti anataya ntchito iwo akuona. Mzamba anamuyandikira mpaka kumva mpweya wake.

"Mwasewera bwino, amayi," anatero. "M'mawa munatiuza kuti mlongo wanu sanagulitse munthu. M'kati muja mwalira, ife n'kukhala phee, kudikira kuti atikanira. Tikanadziwa tikanatseka geti msonkhano usanayambe. Anakutumani kuti mutigoneke, eti?"

"Sindinkadziwa, amayi. Ndikulumbira."

"Inu? Wolemba za mawa, osadziwa za m'nyumba mwanu?"

Panalibe woseka. Mzamba analavula pambali, natembenuka, ndipo amayi onse anayamba ulendo wobwerera, akuyenda mwakachetechete pakati pa msewu, magalimoto akuwapatukira. Mayi Mlembi anaima kanthawi ndi kapu yake m'manja. Analibe kwina kopita, kwawo kunali komweko. Anawatsatira chapatali, ndipo mayi wina wa mimba yaikulu amene anatsalira m'mbuyo chifukwa cha kutopa, atamva mapazi ake, anawolokera mbali ina ya msewu.